Kalata kwa mwana wanga: za converter yako ikulirayo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tonse tadzuka bwino. Chithunzi cha oscilloscope, makina oonetsa mafunde a voteji, unanditumizira pa WhatsApp chija ndachiyang'anitsitsa usiku, ndipo ndaona pamene pagona vuto.

Unati buck converter yako yotsitsa 12 V kufika pa 5 V inkagwira bwinobwino, koma utachotsa ma capacitor a electrolytic n'kuikapo a ceramic, inductor yayamba kulira ngati udzudzu. Ndiye ukufuna kungoika capacitor yaikulu pa pini ya COMP ya chip yoyendetsa converter, pomwe pamalumikizidwa compensation (tizipangizo toiteteza kuti isamagwedezeke), kuti ikhale chete. Usatero, mwananga. Chete idzakhaladi, koma idzasanduka yaulesi. Load, kutanthauza mphamvu yomwe zipangizo zikukoka, ikangokwera mwadzidzidzi, voteji idzayamba yagwa isanadzuke, microcontroller n'kuzima. Ine ndinachitapo zimenezi ndili mnyamata, pa wailesi yolumikizirana ya munthu wina. Pa benchi inkaoneka yabwino, koma akangodina batani loti alankhule, inkathima. Anaibweza katatu, ndipo manyazi ake sindinawaiwale.

Tenga pensulo. Inductor yako ndi 10 µH, capacitor ndi 100 µF. Ukawerengera 1/(2π√LC) upeza pafupifupi 5 kHz, yomwe ndi frequency imene ziwirizi zimagwedezekera limodzi, ndipo kuyambira pamenepo phase imatsalira m'mbuyo kulowera ku madigiri 180. Electrolytic yakale ija inali ndi ESR (resistance ya m'kati mwake), tinene 50 milliohm, yomwe inkabweretsa zero (malo amene phase imakwera) pafupi ndi 32 kHz n'kumakubwezera phase mwakachetechete. ESR ya ceramic ndi yochepetsetsa, mwina 5 milliohm, choncho zero ija yathawira kutali, kupitirira 300 kHz. Compensation yako ya Type II, ya zero imodzi yokha, inkatsamira pa mzati womwe wauzula wekha.

Popeza chip yako ndi ya voltage mode, yoyang'ana voteji yotuluka yokha, ukufunika compensation ya Type III. Ma zero ake awiri uwaike pafupi ndi 5 kHz paja, ma pole (malo amene phase imatsika) uwakankhire m'mwamba, limodzi cha pa theka la switching frequency, liwiro limene chip imayatsira ndi kuzimitsira. Chip ikuyenda pa 500 kHz, ndiye crossover, pomwe gain imatsika kufika pa 1, ikhale cha pa 50 kHz. Phase margin, mpata wotsala pa crossover phase isanafike pa 180, isatsike pansi pa madigiri 45. Ine mtima umakhala m'malo ikafika 60.

Pali chinanso chomwe ambiri amachiphonya. Ceramic ya mtundu wa X5R yolembedwa 6.3 V ukaipatsa 5 V ikhoza kutaya theka la capacitance yake. Tsegula datasheet, uone mzere wa DC bias woonetsa kutsikako, uwerengere ndi nambala yeniyeniyo, osati yolembedwa pa paketi.

Ukamaliza kuwotcherera, uiyese. Pogwiritsa ntchito MOSFET ngati switch, dumphitsa load kuchoka pa 0.5 A kufika pa 2 A, maso ali pa oscilloscope. Voteji ikagwa pang'ono n'kubwerera kamodzi, zili bwino. Ikagwedezeka katatu kapena kanayi, margin ikuperewera. Ndipo poti idzadya moto wa batire la sola, uiyese pa 11 V komanso pa 14.4 V, chifukwa chip ikakhala yopanda feedforward (kudzikonza yokha voteji yolowa ikasintha), gain yake imakwera limodzi ndi voteji yolowa. Yodekha m'mamawa ikhoza kuyamba kulira masana dzuwa likaswa mtengo.

Unditumizire zithunzi za mayeso onse awiri ndisanapite kumunda Loweruka. Amayi ako akupereka moni, ndipo akufunsa ngati ufa anakupatsira uja unafika.

Ndine bambo ako.