Kuthokoza a dipatimenti ya mafizo ku KUHeS

Okondedwa akuluakulu a dipatimenti,

Ndimakhala ku Bangwe, ndipo ndine gadiyani wa mayi anga amene sitiroko inawafoola dzanja ndi mwendo wakumanja. Kunena zoona, tsiku lopita ku mafizo ndinanyamuka nditakonzeka kale kukalipiridwa. Tinali titazolowera. Pachipatala china, dzina ndisunge, tinakhala pabenchi kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo, kenako wina n'kutulukira, "Mubwere Lachinayi." Lachinayilo wolemba m'buku lakuchipatala sanadzutse ndi mutu womwe. Mayi ankawanyamula ngati thumba la chimanga, kukoka dzanja lofookalo iwo akubuula. Ya minibasi n'kumangopita.

Nditamva kuti atithandize ndi ophunzira anu, a sukulu imene ife timangoitchulabe College of Medicine ngakhale inasintha dzina mu 2021 kukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mumtima ndinati basi, aphunzirira pa mayi anga. Ndinalakwa.

Mtsikana amene anatilandira anagwada pamaso pa mayi, osati pa ine. "Amayi, mwadzuka bwanji?" Mawu amawavuta kutuluka, koma iye anadikira, osawalanda pakamwa. Pamene ankawaimiritsa pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda, chitenje chinamasuka, m'chipindamo muli azibambo. Ine ndisanasunthe n'komwe, iye anali atawatchinga kale ndi thupi lake, akuwamanga bwinobwino, mfundo n'kuiika kumanzere kuti dzanja lamphamvu lizimasula lokha. Uku akuwachezetsa za kudula kwa tomato mu Limbe ngati palibe chachitika. Mayi anaseka, koyamba chidwalireni.

Mphunzitsi wake ali pambali, anandifotokozera kuti sitiroko inagwira ubongo mbali yakumanzere, n'chifukwa chake kunafooka kumanja ndi lilime lomwe. Ubongo, akuti, umaphunziranso munthu akamabwereza chinthu tsiku ndi tsiku. Dzanja lofooka salikoka, phewa limaguluka. Wogona uzimutembenuza maola awiri aliwonse kuopa zilonda. Kodi anzathu aja izi sazidziwa, kapena nthawi ndiyo inkawasowa?

Lero mayi akudzuka okha pampando, ndodo m'manja, mpaka kukaothera dzuwa pakhonde. Dzina la mwanayu sindinafunse, chimwemwe chinandiiwalitsa, choncho mundithokozere nonse amene mukumuphunzitsa. Akamaliza maphunziro musalole apite kutali. Pabenchi paja pakadali anthu akudikira Lachinayi.

Ine wanu,
Mwana wa mayi wa ku Bangwe