Kalata kwa Nduna ya Zachitetezo: Tumizani alembi kumidzi, mayina akutha

Olemekezeka a Nduna,

Ndagwada. Ndine mayi wa ku Chiradzulu, mlimi wa chimanga ndi nandolo, ndipo ndikulemba m'malo mwa mbumba yathu chifukwa bokosi anasiyira ine. Ndi bokosi lachitsulo, limakhala kunsi kwa bedi. Mkati mwake muli mamendulo anayi okulungidwa m'kansalu, chikhothi chankhondo chimene njenjete zinachita nacho phwando, kapu ya malata yophwanyika mbali imodzi, ndi zithunzi ziwiri. Pakhomo pathu patuluka amuna anayi kupita kunkhondo m'zaka zoposa 100. M'bokosimu muli chizindikiro cha atatu okha. Wachinayiyo, amene anali woyamba kupita, tilibe ngakhale batani la malaya ake, ndipo ndi iyeyo wandilembetsa kalatayi.

Anali malume awo a agogo anga aakazi. Makolo athu anachokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri la Mulanje, kuthawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi, n'kudzakhala pa esiteti ya mzungu. Malo okhala ankalipira ndi thangata, msonkho wa nyumba nawo uli pakhosi. Agogo ankati m'chaka cha 1917 mamesenjala a boma ankafika usiku, mfumu itauzidwa kale kuti ipereke amuna angati. Amuna akathawira kuthengo, ankagwira akazi awo mpaka eni ake atulukire. Malume awowo anatuluka chifukwa cha mlongo wawo amene anali ndi pakati. Sanapatsidwe mfuti. Anapatsidwa katundu wolemera ngati theka la thumba la chimanga, n'kuuzidwa kuti ayende.

Inu a Nduna mukudziwa kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza, kuno inayendera pamitu ya anthu. Misewu ya galimoto inali yochepa kwambiri, ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe, ndiye ufa, zipolopolo, mahema ndi mankhwala a asilikali a General Northey zinkachoka ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi, kuwoloka nyanja, n'kukwera mapiri kulowera ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, zonse pa nkhata. Dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga, osenza katundu wa asilikali pamutu, anali pafupifupi 200,000. Taganizani chiwerengero chimenecho m'dziko limene anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ankafa ndi kamwazi, chibayo, njala ndi kuzizira kwa m'mapiri, ndipo wogwa panjira ankangomuvula katundu n'kusenzetsa mnzake. Anzawo a malume anabwerako atatu, mafupa okhaokha, chimfine choopsa cha 1918 chili m'mbuyo mwawo. Anangoti, “Tinamusiya akupuma.” Maliro anawalira opanda mtembo.

Kwathu ndi kufupi ndi ku Mbombwe. Abusa a John Chilembwe, amene nkhope yawo timaipinda m'chitenje tikamapita kumsika, analemba kalata kunyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914. Mfundo yawo inali yakuti kunkhondoko kuzipita olemera, eni masitolo ndi eni minda, osati amphawi amene akafa angosiya akazi amasiye ndi ana amasiye pa nkhondo yosakhala yawo. Ana athu amaphunzira za kuukira kwa mu Januwale 1915, koma za kalatayo ndi za anthu amene abusawo ankawalirira, samva bwino.

Ndinapitako ku Zomba, pa chipilala chachitali chija cha njerwa pafupi ndi Cobbe Barracks. Ndinawerenga mayina mpaka khosi linawawa, ngakhale ndinkadziwa kuti chipilalacho ndi cha asilikali a King's African Rifles, a Keyala aja, ndipo munthu wosenza katundu sanali msilikali. Mtima umangofuna kuona ndi maso.

Wachiwiri anali agogo anga aamuna, mkamwini wapamudzi pathu. Iwo sanagwidwe, anadzipereka okha mu 1942. Ndikawafunsa chifukwa chake sankanena za Hitler kapena za mfumu ya ku Mangalande. Ankaseka n'kuti msilikali sankathamangitsidwa ndi msonkho, ankadya nyama, ndipo ankavala jombo. Anawonjeza kuti tsiku limene gulu la malipenga linadutsa pamsika, atsikana onse anaiwala kuti pamudzi pali anyamata ena. Anapita pa lole mpaka ku Kenya, n'kukwera sitima yapamadzi ku Mombasa. Munthu amene madzi aakulu ankawadziwa anali a Chilwa, anakhala masiku ambiri osaona mtunda. Anafikira ku Ceylon, komwe tsopano ndi Sri Lanka, kukaphunzira kumenya nkhondo m'nkhalango, kenaka mu 1944 analowa m'Burma ndi gulu la 11th East African Division.

Za ku Burma ankazikamba pokhapokha mvula ikamagwa usiku. Anawalowetsa m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yamphamvu, nthawi imene magulu ena ankati sikumenyeka nkhondo, kuti athamangitse Ajapani mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Ankati matope ankafika m'mawondo, misundu inkalowa m'jombo n'kumayamwa magazi munthu osamva, mpaka madzulo povula ndi pomwe ankaona kuti masokosi afiira. Chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege. Malungo ndi nthenda ina yobwera ndi tinthata ta m'udzu zinagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Mjapani sankaoneka, ankangomveka. Mendulo imodzi m'bokosi muja ndi yooneka ngati nyenyezi, ya ku Burma komweko, ndipo agogo sankalola mwana kuigwira ndi manja a ndiwo.

Amuna a dziko lino pafupifupi 30,000 anapita kunkhondo yachiwiriyi. Ena anamenya ku Somaliland, ena ku Moyale m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene kunachokera dzina la baraki ya ku Mzuzu, ena ku Madagascar. Itatha, boma la atsamunda linawapatsa ndalama yothokozera. Zolembedwa zimene zinaululika mu 2019 zinaonetsa kuti msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pomwe wachikuda ankalandira atatu ndi theka. Agogo sanafunikire kudikira 2019 kuti adziwe zimenezo, ankaziona pamzere wolandirira. Ndalama yawoyo anagulira makina osokera a Singer, n'kukhala pakhonde la sitolo ya mmwenye zaka zoposa 30, akusoka zigamba ndi mayunifolomu a ana asukulu. Makina amenewo ndi amene anaphunzitsa amayi anga mpaka Sitandade 6. Pa zikondwerero ankavala chikhothi chija, dzuwa lili phwee, n'kumakonza mizere ya anyamata ovina beni, ati akupotoza perete. Anthu ankawaseka, iwo osasamala. Anamwalira osalandirapo kanthu kena kuchokera kwa amene anawatuma.

Wachitatu ndi malume anga. Iwo anavala yunifolomu ya dziko lathu lomwe, la mbendera yathu, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, nthawi imene zigawenga za Renamo zinkaphwasula njanjiyo ndipo anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni anali atadzaza m'maboma athu a m'malire. Masiku amenewo nkhani zotere sizinkakambidwa pawailesi, ndipo pamudzi tinkangonong'onezana. Chimene malume sankatopa kufotokoza n'chakuti atadutsa pa Nayuchi kulowera ku Cuamba anamva amayi akutunga madzi akuyankhula chiyankhulo chomwe chija agogo ankatitukwanira tikaba mtedza. Anapita ndi mfuti kudziko limene makolo awo analithawa ndi mitolo pamutu. Anabwerako ndi khutu limodzi logontha, anapuma ntchito, n'kumalima fodya wosapindula mpaka imfa.

Atamwalira ndi pomwe tinaona kufunika kwa pepala. Kabuku kawo kotulukira usilikali kanali padenga, chiswe chinadya pakati penipeni pomwe panali nambala. Azakhali, akazi awo, anayenda maulendo angapo kutauni, ulendo uliwonse nkhuku ziwiri zitagulitsidwa, ndipo kulikonse funso linali limodzi: nambala yawo inali chiyani? Sindikudandaula za mlembi aliyense, munthu sangapeze fayilo popanda nambala. Anatipulumutsa ndi mnzawo wina wa malume wa ku Phalombe, nkhalamba yoiwala kuti yadya kale, koma nambala yake ndi ya mnzakeyo anazitchula motsatizana ngati Atate Wathu.

Wachinayi ndi mlongo wanga, chitsiriza m'mimba mwa amayi. Anakhoza Fomu 4 koma ya koleji panalibe, ndiye atamva kuti akulemba asilikali anakathamanga nawo, n'kupita kukaphunzira ku Salima. Ndikunena mosabisa, a Nduna: ana a mabwana sathamanga nawo kawirikawiri pamizere imeneyo. Amathamanga ndi ana a alimi, a osoka, a ogulitsa makala, monga zinalili m'nthawi ya agogo. Mu Novembala 2018 anali ku Congo pansi pa United Nations pamene tinamva kuti asilikali athu asanu ndi mmodzi aphedwa kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mayina anali asanatchulidwe. Usiku umenewo amayi anakhala pamkeka, foni ili pamiyendo, osalola munthu kuigwira kuopa kutha batire. Inalira tsiku lachitatu, anali iyeyo. Tinasangalala, kenaka tinachita manyazi, podziwa kuti pakhomo pena foni yalira ndi uthenga wina.

Mmodzi mwa anyamata amenewo anali Chancy Chitete, amene anaphedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, ndipo mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne ku New York. Dzina lake lalembedwa pomwe silidzafufutika, ndipo n'zoyenera. Mu Januwale 2025 tinatayanso ena atatu kum'mawa kwa Congo komweko polimbana ndi zigawenga za M23. Mlongo wangayo ali moyo, koma anyamata akamaphulitsa makombola pa Chaka Chatsopano amalowa m'nyumba n'kukhoma chitseko, ndipo mkazi wake waphunzira kusamudzutsa pomugwira phewa.

Chaka chilichonse mu Novembala timakuonani pa kanema mutavala duwa lofiira, mukuika nkhata za maluwa pachipilala, lipenga likulira, nkhalamba zochepa za ku Memorial Home ya ku Zomba zitakhala kutsogolo. Mwambowo ndi wabwino, musausiye. Koma umakumbukira “onse amene anafa”, ndipo mawu akuti “onse” alibe mudzi, alibe mfunda, alibe mlongo amene anali ndi pakati.

Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamalira manda a ankhondo, linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Africa muno, sanakumbukiridwe ndi dzina monga anachitira ndi azungu, ndipo nduna ya zachitetezo ya ku Britain ya nthawi imeneyo, a Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Ku Cape Town anatsegula kale malo achikumbutso mu Januwale 2025, okhala ndi mayina oposa 1,700 a anthu akuda amene anafa akugwira ntchito zonga za malume aja. Ku Dar es Salaam kuli msika wa Kariakoo, ku Nairobi kuli Kariokor, mayina onsewo ochokera ku gulu la amtengatenga. Kuno kumene pafupifupi mudzi uliwonse unasenza nawo, mwana wasukulu ukamufunsa za mtengatenga amaganiza za malole.

Pempho langa ndi ili. Khomo lili lotsegula kale, lowanipo m'dzina la dziko. Pemphani makope a zolembedwa zonse za Keyala ndi za amtengatenga zimene zili ku Britain, muziphatikize ndi zimene zili ku National Archives ku Zomba, pakhale kaundula mmodzi amene munthu angafunse pa ofesi ya DC wa kwawo osagulitsa nkhuku. Koma mapepala a atsamunda okha sakwana, chifukwa amtengatenga ambiri ankawerengedwa ngati matumba, ndipo olembedwawo mayina awo anapotozedwa ndi makutu a mzungu. Mayina enieni ali m'kamwa mwa agogo aakazi kumidzi kuno. Tumizani alembi, ngakhale asilikali achinyamata omwewa, ayende ndi mafumu mudzi ndi mudzi, akhale pamkeka, afunse m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chitumbuka, m'Chitonga, m'Chisena ndi m'Chingonde: ndani wa pakhomo pano anapita, anapita liti, anabwerako kodi? Boma limatha kutipeza likafuna kutilemba za mavoti ndi za feteleza. Njira ya kumidzi mukuidziwa.

Musazengereze nazo. Amene anamenya ku Burma, ngati alipo wotsala, ali cha m'ma 100, ndipo ana amene anamva nkhani za Chiwaya pamiyendo ya amayi awo ndiwo tikuwaika m'manda chaka chino. Pamudzi pathu watsala mmodzi wodziwa dzina lachibadwidwe la malume aja, osati lija anapatsidwa pa esiteti. Ndi amayi anga aakulu, ali ndi zaka zoposa 90, ndipo masiku ena amanditcha dzina la malemu mkulu wanga. Mwezi wathawu ndinawapeza tsiku labwino, ndinawafunsa, ananena kawiri, ndinalemba kuseri kwa kalendala n'kuika m'bokosi muja pamodzi ndi mamendulo. Alembi anuwo akadzafika ku Chiradzulu adzafunse pamsika za nyumba ya mdzukulu wa telala wa Keyala, adzawalozera.

Ine wanu,
Mdzukulu wa msilikali,
Chiradzulu