Nkhono za mumtsinje zingatiuze ngati madzi athu ali ndi poizoni

Akonzi,

Ndiloleniko ndilankhulepo pa nkhani ya madzi, chifukwa zomwe ndinaona mwezi watha kumbali ya Petauke zandisowetsa tulo. Ndinapita kukaona mwana wa achemwali anga amene analowa nawo zokumba golide, ndiye ndinamupeza wakhala pambali pa kamtsinje ndi beseni, wathiramo mekyule kuchokera mukabotolo kamankhwala, akupikisa ndi manja opanda olo magolovesi, kenako kampira ka golide wosakanikirana ndi mekyule anakaotcha pasipuni utsi uli m'maso. Madzi otsala m'beseni anangokhuthulira mumtsinje momwemo. Kumunsi pang'ono azimayi akuchapa, wina akuthirira repu kudimba. Nditamufunsa anangoti amalume madziwa ndi oyera onani. Ee oyera ndithu, koma mekyule ndi mtovu sizioneka ndi maso, sizinunkhanso.

Tsono kunja anzathu anapeza njira yotchipa. Mukudziwa nkhono za m'madzi zija za zigoba ziwiri zotseka ngati chitseko, azungu amati ma mussel, agogo athu ankatenga chigoba chake kukokotera nkhoko mumphika. Kanyama kameneka sikayendayenda, kamangokhala pamodzimodzi kumasefa madzi usana ndi usiku, kakakulu malita makumi angapo patsiku, ndipo zitsulo zapoizoni zomwe zili m'madzimo zimatsalira m'thupi mwake pang'onopang'ono. Mu 1975 wasayansi wina wa ku America, Edward Goldberg, anati bwanji tizingotola nkhonozi m'mbali mwa nyanja n'kumaziyeza ku labu. Kuyambira 1986 bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo lotchedwa NOAA lakhala likuchita zimenezi pansi pa dzina loti Mussel Watch, malo mazana angapo, kuyeza mekyule, mtovu, mkuwa, cadmium ndi zina.

Ubwino wake ndi uwu. Munthu akabwera ndi botolo kudzatunga madzi lachiwiri m'mawa, labu idzamuuza za lachiwiri m'mawa basi, ngati wina anataya zonyansa loweruka usiku zinapita kale ndi madzi ndipo lipoti lidzati zonse zili bwino. Koma nkhono inalipo loweruka usikuwo, inamwa, ndipo imasunga kwa masabata ngakhale miyezi. Pamene palibe nkhono amatenga za kumalo oyera, kuziika mukakhola ka waya, kuzimiza mwezi kapena iwiri, kenako kuziyeza n'kuona kusiyana.

Ndikudziwa wina ati a bambo inu Zambia ilibe nyanja yamchere. Zoona, koma a NOAA omwewo amayezanso nkhono za ku Great Lakes, nyanja zikuluzikulu za pakati pa America ndi Canada, komwe madzi ake ndi opanda mchere ngati athu. Ku Warsaw ku Poland anafika pomata nkhono timasensa, tizipangizo todziwitsa ngati chigoba chatseka, pamalo opopera madzi a mumzinda, zikatseka zigoba zambiri nthawi imodzi alamu imalira. Ife sitikupempha zamasensa, tikupempha zotola ndi kuyeza chabe.

Ndipo tisamachite ngati sitinalumidwepo. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero ana kumeneko akupezeka ndi mtovu m'magazi. Mu February 2025 damu la zotsalira za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi n'kulowa mu Kafue, nsomba kuyandama, ku Kitwe mpaka anatseka madzi. Zija zinaoneka chifukwa zinachitika tsiku limodzi. Zathu kuno kum'mawa ndi za kabeseni lero kabeseni mawa, palibe nsomba imene iyandame, mekyule imangolowa m'matope, m'nsomba, kenako mwa mayi woyembekezera, ndipo imaononga ubongo wa mwana asanabadwe monga zinachitikira ku Minamata ku Japan m'zaka za m'ma 1950.

Pempho langa kwa a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, ndi ophunzira a ku yunivesite ya UNZA ndi loti asankhe malo ochepa mu Luangwa ndi timitsinje tochokera kokumba golide, azitola nkhono kamodzi mvula ikatha kamodzi m'chilimwe, zotsatira azitiwerengera pa wailesi m'Chinyanja osati kungozitsekera mu ofesi ku Lusaka. Anyamata akumudzi amadziwa pomwe zimapezeka, mafumu atha kuthandiza. Sindikufuna mwana wa achemwali anga amangidwe ayi, njala ndiyo inamutuma, ndikufuna amayi aja a kudimba adziwe chomwe akuthirira repu wawo.

Ine wowerenga wanu,
Kapata, Chipata