Lipoti la msonkhano: nthiti za nkhumba za m'paketi ndi alendo owengedwa ndi nyama

Amayi apampando ndi mamembala nonse a gulu lathu lophika pa maukwati, munatituma kumsonkhano wa ophika ndi azaumoyo muno mu Lusaka kuti tikafunse ngati mlendo amene nyama ya ng'ombe imamuwenga tingamupatse nthiti za nkhumba za m'paketi zija timagula m'masitolo. Yankho ndi lakuti ayi.

Chimene chimawenga ambiri mwa anthu otere ndi kashuga kotchedwa alpha-gal, kamene kali m'nyama zoyamwitsa: ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba, kalulu, ngakhale mbewa zathu za ku Chipata. Vutoli limayamba munthu akalumidwa ndi nkhupakupa. Madokotala a ku University of Virginia analifotokoza mu 2009, ndipo lapezekanso kumidzi ya ku Eastern Cape ku South Africa. Moto supha alpha-gal. Muwotche pambaula, mukazinge, muwiritse tsiku lonse, kali momwemo. Nthiti ndiye zoipirapo chifukwa n'zonona, ndipo impso zimaposa pamenepo.

Chosokoneza n'chakuti zizindikiro zimachedwa maola 2 mpaka 6. Mlendo adya madzulo, avina, apita kwawo, n'kudzidzimuka pakati pausiku thupi lonse lili zidzolo, milomo yatupa, m'mimba mukupota. Iye aganiza kuti tinamudyetsa zosasa, mbiri n'kuipa ya ife ophika. Mowa, thukuta la kuvina ndi mankhwala ngati ibuprofen zimakulitsa vutoli. Komanso silibwera nthawi zonse, ndiye wina akati "ndinadyapo nkhumba osamva kanthu", musatengere pamenepo.

Pa paketi musakhulupirire kamzere kochenjeza kaja, chifukwa kamatchula zinthu ngati mtedza, mkaka, mazira, soya ndi tirigu, koma nyama ayi. Werengani zonse zimene aikamo. Lard (mafuta a nkhumba), beef stock ndi gelatine wambiri n'zochokera ku nyama zoyamwitsa, ndipo soseji ya nkhuku nthawi zambiri amaipakira m'matumbo a nkhumba kapena nkhosa. Ena mwa owengedwawa mkaka nawonso sawuyanja, choncho funsani. Ku America boma linavomereza nkhumba zopanda alpha-gal, zotchedwa GalSafe, mu December 2020, koma si zimene zili m'masitolo athu.

Nkhuku, mazira, kapenta, buka, nyemba ndi chikanda zilibe vuto, bola zisakhudzane ndi mafuta a nyama. Apa ndi pomwe timalakwitsa ambiri: waya umodzi wawotchera nthiti ndi nkhuku, mpeni ndi womwewo, kyubu ya ng'ombe yaponyedwa m'ndiwo zamasamba, tchipisi takazingira mafuta otsala a michopo.

Mlendo akayamba kubanika, pakhosi kutupa kapena kuchita chizungulire, thamangani naye kuchipatala. Chomupulumutsa ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu, mamiligalamu 0.5 kwa wamkulu. Piriton amangochepetsa kuyabwa. Amene akudzikayikira akapimitse magazi, kuti dokotala aone IgE ya alpha-gal, chizindikiro cha m'magazi chosonyeza ngati kashugaka kamamuwenga.

Ife nthumwi tikupempha kuti polemba oda tizifunsa eni ukwati ngati pali wowengedwa ndi nyama, mbale yake iphikidwe koyambirira, ivundikiridwe, ilembedwe dzina. Tikupemphanso kuti gulu ligule waya, poto, thabwa lodulira ndi mpeni zapadera, tizipake penti yofiira pazogwirira. Asungichuma abweretse mitengo yake pamsonkhano ukubwerawu kuti tivote.