Lipoti la msonkhano wa mabwalo ang'onoang'ono a ndege

A Tcheyamani, mafumu athu, amayi ndi abambo a komiti yoona za ngozi kuno ku Makhanga,

Munandituma ku Blantyre, ndapita ndipo ndabwerako bwino. Ndalama ya ulendo inakwana, yotsala ndapereka kwa msungichuma pamodzi ndi malisiti. Za tsiku loyamba sindichulukitsa. Zinali zolankhula za akuluakulu, zambiri zokhudza Chileka ndi bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, malo omwe ambirife timangowamvera pa wailesi.

Tsiku lachiwiri kunaimirira bambo wina wa ku Likoma, ndipo apa ndiye ndinatchera khutu. Likoma ndi chilumba cha m'nyanja ya Malawi, moyandikana kwambiri ndi gombe la Mozambique, pafupi ndi chinzake cha Chizumulu. Anthu kumeneko amadalira sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951, komanso maboti a ku Nkhata Bay. Mwera ukawomba nthawi yozizira nyanja imakalipa, boti laling'ono silingayerekeze. Bwalo lawo la ndege ndi la phula koma laling'ono, ndipo ndege zoterapo ndi timagalimoto ta m'mwamba chabe, tonyamula makamaka alendo odzaona nyanja ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Kuchokera ku Lilongwe ndi pafupifupi ola limodzi.

Mayi wina anafunsa ngati wogulitsa usipa amakwerako ndegezo. Bamboyo anaseka n'kuvomera kuti mtengo wake si wa munthu wamba, koma anati phindu la bwalolo limaoneka tsiku loti munthu wadwala mwakayakaya sitima ili kutali. Anafotokozanso zimene sindinaziganizirepo: ndege isanatere, wina amayenda bwalo lonse wapansi, kupirikitsa mbuzi, kutola miyala, kuonetsetsa kuti ana sakusewerapo. Kansalu kaja kokhala ngati thumba kamene amakapachika pamlongoti kakang'ambika kasinthidwe msanga, chifukwa woyendetsa ndege amaonera pomwepo kumene mphepo ikulowera.

Iye akulankhula, ine mtima unali kwathu kuno. Sitili panyanja, komatu Shire ndi Ruo zikasefukira nafenso timakhala pachilumba. Tinaziona mu Januwale 2015 pomwe abale athu ena anachita kunyamulidwa ndi helikopita, namondwe wa Freddy anatikumbutsanso mu Malichi 2023. Kupita ku Bangula timaoloka pa bwato ngakhale masiku abwino, nanga msewu wolowera ku Thabwa ukaduka tidzere kuti?

Ndinakweza mkono. Bwalo la phula sindinapemphe, ndipo pepani ngati ena munayembekeza zimenezo. Madzi a kuno angalikwirire ndi mchenga dzinja limodzi. Ndinafunsa za malo otera helikopita. Katswiri wina anayankha kuti pamafunika malo athyathyathya, okwera, a nthaka yolimba, opanda mitengo italiitali kapena mawaya a magetsi pafupi. Malata osakhomedwa bwino, mapepala a pulasitiki ndi matenti osamangika zimauluka ndi mphepo ya mapiko ake. Anatsindika kuti anthu asamathamangire helikopita ikangotera, ndipo kumchira kwake wina asayandikeko, chifukwa kapiko kakumbuyoko kakamazungulira sikaoneka. Ine ndinakumbukira momwe tinkakankhirana chaka chija, ana pamsana, ndinangoti zii.

Pempho langa kwa inu mafumu ndi lakuti mutilozere malo omwe madzi a 2015 ndi a 2023 sanafikepo. Ena atchula bwalo la mpira, koma ine ndikukayika, chifukwa nthawi ya madzi ndi pomwe anthu amamangapo misasa. Achinyamata anayi adzipereke kuti azilambula, kugumula zulu ndi kufotsera maenje mvula isanayambe. Loweruka likudzali nditenga chingwe choyezera, tikakumane pamsika 7 koloko m'mawa dzuwa lisanatenthe.