Edwards wa ku Nkhotakota alibe mkango wa ku England

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndinene za mapepala oika m'galasi aja amene abale athu a ku Britain ayamba kutumiza kumudzi, akuti mbiri ya dzina la banja. Amene muli m'magulu a WhatsApp a pachibale mwawaona kale. Kwathu lafika limodzi mwezi wathawu, tili mkati mosonkha ndalama za chiliza cha malemu agogo athu aamuna. Mwana wa mchemwali wanga, namwino ku England, anapeza munthu wina pamsika ali ndi kompyuta ndi makina osindikizira. Anangotchula dzina lathu loti Edwards, pepala n'kutuluka pomwepo. Likunena kuti ndife banja lakalekale la mtundu wa Anglo-Saxon, tinalipo chaka cha 1066 chisanafike, ndipo pamwamba ajambulapo chishango, mkango ndi chisoti chachitsulo cha ankhondo. Mwanayo analipira mapaundi amene amawavutikira usiku wonse m'chipatala. Lero achibale ena aima nji kuti mkangowo ugobedwe pa chiliza cha agogo, ndipo ine ndasanduka mdani chifukwa chokana.

Mkango wa kwa yani? Atate awo a agogo anabatizidwa ku mishoni ya Anglican ku Nkhotakota n'kupatsidwa dzina la Edward. Mwana wawo atapita kukasaka ntchito ku Southern Rhodesia, Zimbabwe wa lero, monga ankachitira matchona ambiri, kalaliki wolemba chitupa anafunsa dzina la bambo, n'kuwonjezera "s" kumapeto. Nkhani yonse ndi imeneyo. Mfunda wathu ndi Mwale, ndipo kumudzi palibe amatitchula mwina. Wogulitsa uja sanafunse n'komwe kuti mtsikana waima patsogolo pakeyo kwawo n'kuti. Akanabwera wa ku Jamaica kapena wa ku Cardiff akanampatsa pepala lomwelo, mkango womwewo, mtengo womwewo.

Chandiwawa kwambiri n'chakuti pepalalo ndi labodza ngakhale kwa Mngerezi wobadwira komweko. Anthu otchedwa Anglo-Saxon, amene anawoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark m'zaka za m'ma 400, analibe maina a banja opatsirana kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana mpaka kwa mdzukulu. Munthu ankakhala ndi dzina limodzi, mwina n'kumuwonjezera lina lomusiyanitsa ndi anzake, ndipo limenelo linkafa naye limodzi. Harold, mfumu yawo yomaliza kuvekedwa chisoti, amene anaphedwa pa nkhondo ya ku Hastings pa 14 Okutobala 1066, amatchedwa Godwinson chifukwa bambo ake anali Godwin. Ana ake sanalilowe dzinalo, iwo anali ana a Harold basi. Ngati banja la mfumu linalibe dzina lokhazikika, banja la Edwards linakalitola kuti 1066 isanafike?

Maina opatsirana anabwera pambuyo pake, William wa ku Normandy ku France, amene anagonjetsa Harold pa nkhondo ija, atalanda dziko. Oyamba kukhala nawo anali akuluakulu a minda, amene ankafuna kuti malo asatuluke m'banja. Anthu wamba anatenga nthawi yaitali zedi, moti cha m'ma 1400 m'pamene mabanja ambiri a ku England anali ndi dzina lokhazikika. Ena analitengera ku ntchito, monga Smith wosula zitsulo, ena ku mudzi umene anachokera, ena ku dzina la bambo. Edwards ali m'gulu lomalizali, ndipo silitanthauza china koma mwana wa Edward.

Choona chilipo chimodzi chokha, ndipo ogulitsawa amabisala kumbuyo kwa chimenecho. Edward monga dzina la munthu ndi la Anglo-Saxon ndithu. Ankalilemba Eadweard, mawu awiri ophatikizidwa, chuma ndi mlonda. Mwana wa mfumu Alfred, amene analowa ufumu mu 899, anali Edward. Winanso ndi Edward the Confessor, womanga tchalitchi cha Westminster, amene anamwalira mu Januwale 1066 ndipo Mpingo wa Katolika unamutcha woyera mu 1161. Anthu a William atalowa, maina ambiri akale monga Wulfstan ndi Aelfric anazimirira, makolo n'kuyamba kutcha ana awo William, Robert ndi Richard. Edward anapulumuka chifukwa cha woyera uja, makamaka mfumu Henry III, amene ankamulemekeza kwambiri, atatcha mwana wake Edward mu 1239. Kuyambira pamenepo dzinalo linafalikira dziko lonse. Ndiye taganizani kuchuluka kwa amuna otchedwa Edward m'midzi yosiyanasiyana, osadziwana, aliyense ndi ana ake. Banja limodzi la Edwards kulibe. Alipo mabanja ambirimbiri opanda ubale wa magazi.

Ndiponso kumene dzinali lawanda kwambiri ndi ku Wales, kwa anthu amene si a Anglo-Saxon n'komwe. Amenewa ndi zidzukulu za eni nthaka amene Anglo-Saxon anawapeza ndi kulimbana nawo. Iwo ankatchulana ndi kamawu koti "ap", mwana wa uje, ndipo ap Richard anadzasanduka Pritchard, ap Hywel anadzasanduka Powell, ap Edward anadzasanduka Bedward kapena Edwards. Zimenezi zinayamba kukula pambuyo pa malamulo a 1536 ndi 1543 oika Wales pansi pa kayendetsedwe ka England, ndipo m'madera ena akumidzi zinafika mpaka zaka za m'ma 1800. Ku Jamaica nakonso a Edwards alipo ambiri, ndipo kumeneko maina otere anafika kudzera m'minda ya nzimbe ndi ukapolo, umene nyumba ya malamulo ya Britain inauthetsa ndi lamulo la 1833. Kodi mdzukulu wa kapolo nayenso apachike pakhoma chishango cha amene anagula agogo ake? Wogulitsayo amugulitsa ndithu, bola ndalama.

Za chishangocho ndiye musanene. Zizindikiro zimenezi, zimene Angerezi amazitcha coat of arms, zonga chija cha mkango ndi kambuku pa pasipoti yathu, zinayamba m'zaka za m'ma 1100, ufumu wa Anglo-Saxon utatha kalekale. Ku England amayang'anira zimenezi ndi a College of Arms a ku London, amene mfumu Richard III anawakhazikitsa mu 1484, ndipo iwo eni ake amanena poyera kuti chizindikiro cha dzina kulibe. Chimaperekedwa kwa munthu mmodzi, n'kumatsika kwa ana ake enieni. Ku Scotland kuli bwalo la Lord Lyon ku Edinburgh, kumene kugwiritsa ntchito chizindikiro cha mwini popanda chilolezo ndi mlandu. Choncho mkango umene abale anga akufuna kugoba pamanda uli ndi mwini wake kwinakwake, kapena wogulitsayo anangoupeka. Zonse ziwiri n'zochititsa manyazi pa chiliza cha munthu amene moyo wake wonse sanatolepo cha mwini.

Akatswiri a maina sagwira ntchito motero. Patrick Hanks, Richard Coates ndi Peter McClure anatha zaka akufukula mabuku akale a msonkho ndi a matchalitchi asanatulutse Oxford Dictionary of Family Names in Britain and Ireland mu 2016, mabuku anayi a maina oposa 45,000. Mngerezi wofuna kudziwa makolo ake amayambira pa iye mwini n'kumabwerera m'mbuyo, m'badwo ndi m'badwo, m'kaundula wa boma amene anayamba mu 1837, kenako m'mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro amene Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, analamula kuti tchalitchi chilichonse chizisunga mu 1538. Ambiri akafika pamenepo njira imatha. Nanga uyu wa pamsika, amene pa mphindi zochepa wadumpha zonsezi mpaka kukafika kuseri kwa 1066, ndi katswiri wa sukulu iti? Ndipo akuluakulu oteteza ogula ku Britain, amene amatchuka ndi kukhwimitsa malamulo, akuyang'ana kuti pamene anthu akugulitsidwa bodza loika m'galasi?

Koma mlandu wina ndi wathu, ndipo apa mpamene mtima wanga ukuwira. Kamuzu anali ndi dzina la ubatizo loti Hastings, lomwelo la malo a nkhondo ija, koma sindinamvepo munthu akunena kuti makolo ake anachokera kugombe la kumwera kwa England. Aliyense akudziwa kuti anali Banda wa ku Kasungu. Nanga ife chatilowa n'chiyani? Tili ndi a Wilson, a James, a Jackson, a Harrison m'maboma onse, maina ochokera ku ubatizo, ku Wenela, ku minda ya fodya ndi ya tiyi, ndipo dzina lililonse lili ndi nkhani yake yeniyeni ya ulendo, ya njala, ya msonkho wa nyumba umene unkathamangitsa amuna kupita kunja. Nkhani imeneyo sitikuifuna. Tikufuna mkango. Mwana amaliza Fomu 4 osadziwa mfunda wa agogo ake aakazi, osadziwa kuti Phiri ndi Banda anakhalirana bwanji m'masiku a Kalonga, osamvapo za Mankhamba. Chaka ndi chaka mu Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba pamaso pa Gawa Undi, koma mwana yemweyo amangoona zithunzi pa foni n'kupitirira. Nkhalamba zodziwa mibadwo zikutha, timazikumbukira pa tsiku la maliro pofuna woti ayale mbiri ya malemu, n'kupeza palibe wodziwa. M'matchalitchi ena akale mabuku a ubatizo ali m'makatoni, chiswe chikudya maina a makolo athu, pamene ife tikutumiza mapaundi kukagula makolo a eni. Aphunzitsi a mbiri, abusa, mafumu, muli kuti?

Pempho langa n'lachidule. Nyuzipepala yanu ipatule kagawo sabata iliyonse koti anthu azilembamo mmene dzina la banja lawo linabwerera, mfunda wawo ndi mudzi wawo. Mipingo ijambule mabuku ake akale ndi kupereka makope ku National Archives ku Zomba chiswe chisanamalize. Amene muli ndi agogo amoyo, atcherereni foni muwajambule mawu tchuthi chikubwerachi. Ndipo abale a ku Britain, musanatulutse ndalama pa mapepalawa, lemberani kaye a College of Arms muwafunse ngati dzina lili ndi chishango.

Ine wowerenga wanu,
Mwale wa ku Nkhotakota, wokhala ku Lilongwe