Aise, intavyu ija yafika

Aise,

Voice note yako ndamvera, yonse kungodandaula kutentha kwa ku Juba ngati sunakulire ku Nchalo iwe. Koma yandipeza nthawi yabwino, andiyitana ku intavyu ya ntchito yothandiza anthu ovutika ndinakuuza ija ya ku Nsanje, Lachinayi likubwerali pa Teams, kuyankhulana pa vidiyo pa intaneti. Kungolowa pa shotilisiti masiku ano ndi mwayi, chidulireni America thandizo lake mu 2025 anthu a ma masters akulimbirana ntchito zomwe kale ankazinyoza.

Imelo yawo yati competency-based, kutanthauza mafunso oyesa luso lako pa zomwe unachitapo kale, ndiye ndikupanga momwe unandiuzira muja. Ndatenga advert ndikudula mzere kunsi kwa chilichonse akufuna, teamwork, planning, accountability, kenako chilichonse ndikuchipezera nkhani yake yeniyeni. Paja safunsa kuti ungatani zitachitika, amati tiuzeni nthawi ina yomwe munakumana ndi zakutizakuti, iwe ufotokoze zinthu zinali bwanji, udindo wako unali wotani, unachita chani, zinatha bwanji, njira yako ija ya STAR. Nkhani ndili nazo zambiri, za namondwe Freddy zokha mu 2023 ndingalembe buku, anthu kugona m'makalasi, kolera ili mkati, misewu itaduka. Za Sphere, miyezo ija yotsatira pothandiza anthu pa ngozi, ndaloweza, madzi malita 15 munthu mmodzi patsiku, chimbudzi chimodzi anthu 20, ngakhale iwe ndi ine tikudziwa mzere unkakhala pa chimbudzi m'mawa pa kampu paja.

Chikundivuta ndi kudzichemerera. Madzulo timayeserera ndi mlamu wako, iye amakhala panelo, gulu lofunsa mafunso lija, wakhwima nkhope moti ndimachita mantha m'nyumba mwanga momwe. Ndikangoyamba kuti tinagawa chimanga bwinobwino amandidula, nanga inuyo bambo munachitapo chani? Aise ife tinaleredwa kuti wodzitama alibe khalidwe, pano anthu atatu ali ndi mapepala a mamalikisi akudikira kuti udzitame mwadongosolo, ndi manambala omwe, mabanja angati, masiku angati. Ukawayankha kuti mutu umodzi susenza denga akulembera ziro akumwetulira. Komabe ndikuona kuti nzachilungamo ndithu, mafunso amakhala amodzimodzi kwa aliyense ndipo wabodza amagwidwa, akangomufunsa kuti ndiye mnzanuyo anayankha kuti chani nkhani yonse imabalalika.

Funso la kukangana ndi mnzako pantchito ndasankha nkhani ya amfumu aja ankafuna kulowetsa abale awo pa mndandanda, momwe ndinaitanitsira komiti ya m'mudzi kuti mayina awerengedwe pagulu. Ikukwanira pa kusakondera komanso accountability, koma kodi nkhani imodzi ungaigwiritse kawiri? La PSEA, zoteteza olandira thandizo ku nkhanza zogonana, ndakonzeka, ukamva kuti wina akufuna thupi la mzimayi posinthana ndi thandizo sufufuza wekha, sukambirana naye kumbali, umakanena kumene kwaikidwa, basi.

Tsono vuto lenileni ndi tambala wa aneba athu a Phiri. Usaseke. Tambala ameneyu sadziwa nthawi, amalira masana, amalira 3 koloko, ndipo malo ake ndi pawindo la kuchipinda komwe netiweki imagwira. Ndayesa kukhitchini, kumeneko kamera imaonetsa mapoto. Ndinapita kukawapempha kuti ndimugule, akuti ndi wa mbewu, mtengo anatchulawo ndi wa mbuzi. Usiku sindigona, ndikungoona ndili pakati pofotokoza momwe ndinapulumutsira matumba a ufa ku mvula, mzungu wa ku Geneva akulemba, kenako kokoliliko, ntchito yapita. Zaka zonse za ku Poly, matope onse a ku Makhanga, kuthera pa tambala. Mlamu wako akuti ndiwauze a panelo kuti umenewu ndi umboni woti ndimagwira ntchito m'malo ovuta. Ukaphatikiza magetsi omwe amazima nthawi yomwe afuna, bando yomwe imatha usanatsegule nkomwe, jekete lomwe Yamikani anabwereka pa chinkhoswe mpaka lero.

Amayi anagonekedwa sabata yatha, shuga, atuluka koma afooka, mankhwala tikugula tokha. Sindinawauze za intavyu. Ndikaganiza kuti Januwale fizi ya ana ikudikira ndipo kontrakiti yanga inatha kalekale, nthabwala zonsezi zimandithera, ndimangokhala pakhonde osayankhula ndi munthu. Ntchitoyi ndikuifuna aise.

Undiyankhe lisanafike Lachitatu. Akamati muli ndi funso kwa ife, iwe unafunsa chani? Za malipiro ndamva kuti osayerekeza. Ndipo lija loti tiuzeni nthawi yomwe zinakukanikani, munthu umaulula mpaka pati osadziwotcha wekha, chifukwa ine ndikaganiza zonena ndikuona ngati, iii foni yafika 2%, magetsi sanabwerebe, ndipitiriza akayaka